Njira Imene Sindinatseke

Ndinabwera ku Mzimba ndi satifiketi ya Fomu Folo ndi malaya awiri oyera. Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'nkhalango ya paini ku Viphya, kulemba mayina a anthu obzala mitengo ndi olimira njira zotchinga moto, mpaka ntchito zitayamba kutha, zipani zambiri zitangobwera. Dzina langa linali pa mndandanda wachiwiri wa anthu ochotsedwa. Mndandandawo ndinautayipa ndine.

Kwathu sindinabwerere. Ndinali nditakwatira mkazi wa ku Embangweni, ndipo ana athu awiri anali pa sukulu m'tauni ya Mzimba. Ndinagulitsako tomato pafupi ndi depoti kwa chaka chathunthu. Kenako ndinamva kuti pa malo ena ogona alendo, kum'mwera kwa nkhalango, akufuna munthu wodziwa Chingerezi woti aziyenda ndi azungu m'thengo. Ndinapita. Woyang'anira malowo anandifunsa mafunso atatu m'Chingerezi, nayang'ana miyendo yanga, nati ndiyambe Lolemba.

Ulendo wake unali wapansi, masiku asanu ndi limodzi. Tinkadutsa m'paini, kutulukira m'madambo a udzu wautali, kenako m'mitengo yachilengedwe ndi m'mapiri. Midzi sitinkaiona, koma utsi wokha patali. Masana a tsiku lachiwiri tinkafika pa mphambano ya pa mwala waukulu. Njira ya kumanzere inkatsikira ku chigwa, ya kumanja inkakwera mtunda wopita ku nsanja yakale yoyang'anira moto. Masiku onse tinkatsika kumanzere, kuzungulira masiku atatu, n'kudzatulukira kumanja, pa mwala womwewo, kenako kubwerera kunyumba momwe tinadzera.

Alendo ankanyamula zovala ndi zofunda zawo. Ine ndinkanyamula matenti awiri, mapu ndi kabokosi ka mankhwala. Chakudya chonse, mapoto ndi nkhwangwa ankanyamula bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Edingeni, amene ndinkawatcha adada monga amachitira anthu a kumeneko. Anandiposa ndi zaka ngati khumi ndi zisanu. Kale ankacheka matabwa ndi sowo ya manja m'nkhalango yomweyi, mpaka mapewa atakana. Ntchito yonyamula katunduyi ndi imene inawatsalira. Kwawo anali mkulu wa mpingo, ndipo mowa sankaulawa. Ankanyadira zinthu ziwiri: sanasocherepo ndi mlendo, ndipo sanatayepo ngakhale supuni.

Chikwama cha kumsana anachikana. Ankamanga zonse m'thumba la feteleza n'kusenza pa nkhata ya nsalu yakale, kumapazi atavala magambutsi. Ine ankanditcha a Fomu Folo.

"A Fomu Folo, mtengo uwu dzina lake?"

"Sindikudziwa, adada."

"Zaka zonse zija mumalemba chiyani mu ofesi?"

"Mayina a anthu."

"Mbwenu. Lero lembani: uwu ndi katope."

Maulendo atatu oyamba iwo ndi amene ankatsogola. Njira nditaidziwa, woyang'anira anati wolankhula Chingerezi aziyenda patsogolo ndi alendo, adada azitsalira kutsuka mapoto ndi kuzima moto, n'kumabwera pambuyo pa liwiro la katundu wawo. Nthawi zambiri ankatsalira ndi ola limodzi kapena awiri. Apa ndi pamene anandiphunzitsa kutseka njira.

M'thengo la Viphya njira si imodzi. Pali za ocheka matabwa, za ootcha makala, za osaka nyama, za ng'ombe, ngakhale za nguluwe, ndipo zonse zimafanana. Mvula ikatha nthaka imauma, phazi silidinda. Choncho wotsogola akafika pa mphambano amathyola nthambi ya masamba n'kuigoneka mopingasa pa njira imene sakuitenga. Wobwera pambuyo akaona nthambiyo amadziwa kuti uko kulibe anzake. Akapeza zonse zili zotseguka, amatenga ya masiku onse.

"Njira yotseguka ndi mawu," adada anandiuza tsiku loyamba. "Mukaisiya chomwecho, ndiye kuti mwanena kuti adada bwerani kuno. Ine ndibwera."

Kwa zaka ziwiri ndinatseka mphambano iliyonse. Sizinkatenga nthawi. Dzanja linazolowera lokha.

Tsiku la m'thengo silisiyana kwenikweni ndi linzake. M'nyengo yozizira udzu unkacha woyera ndi chisanu, tenti yonyowa ngati kunagwa mvula. Adada ankayamba kudzuka, n'kukoleza moto ndi tinkhuni timene ankagona nato m'thumba kuti tisanyowe ndi mame. Tinkamwa tiyi ndi buledi wopaka chiponde. Buledi akatha tsiku lachitatu, mbatata yootcha inkalowa m'malo. Tinkakung'untha nsapato tisanavale, kuyanika matenti pa miyala, kumanga, kunyamuka. Ola loyamba munthu aliyense ankayenda ali chete, mathalauza atanyowa mpaka m'chuuno. Dzuwa likatentha mafunso ankayamba: mbalame iyo ndi chiyani, ndowe izi ndi za nyama yanji, kwatsala mtunda wotani. Pa funso lomalizali ndinaphunzira kusanena kuti pafupi, chifukwa pafupi pathu ndi pa iwo sipafanana.

Masana tinkakhala pa mthunzi kuvula nsapato. Ndinkaboola matuza a alendo ndi singano yowotcha pa machesi, kumata pulasitala, kuchotsa nkhupakupa m'masokosi. Tikapeza linthumbu litadula njira tinkalumpha mmodzimmodzi, ndipo nthawi zonse pamakhala wina woima pomwepo kuti aone bwino. Madzi tinkatunga m'timitsinje tozizira mpaka mano kuwawa. Alendo ankaponyamo timapiritsi m'mabotolo awo, n'kudikira.

"Afunseni," adada ankatero, "madziwa akudwala chiyani?"

Madzulo unali mpunga ndi nyama ya soya, kapena usipa ngati alendo ali olimba mtima. Tikadya, aliyense m'tenti mwake. Moyo wake unali umenewo, ndipo ndinkaukonda kuposa mmene ndinkavomerera kwa anzanga a m'tauni, amene ankati munthu wa Fomu Folo sangamalondole azungu m'tchire.

Ulendo umene ndikufuna kunena unali wa mu Julaye, chaka changa chachitatu. Alendo anali awiri, mwamuna ndi mkazi wake, a msinkhu wanga. Mkaziyo ankakonda mbalame, magalasi oonera patali ali m'khosi tsiku lonse. Mwamunayo anali ndi kamera ndi kamakina ka m'manja kosonyeza pamene munthu waima. Sanali munthu woipa. Ankangofulumira kuseka.

Pa mphambano yoyamba ndinathyola nthambi monga mwa masiku onse. Mwamunayo anaima, nafunsa ngati ndi za mizimu. Ndinamufotokozera. Anaseka, nandionetsa kamakina kake, nati kwawo nthambi ndi imeneyi. Pa mphambano yachiwiri anandipempha kuti ndibwereze pang'onopang'ono, nditayang'ana ku kamera. Ndinabwereza. Nditawerama choncho, nthambi m'manja, ndinadziona mmene ndidzaonekere pa chithunzicho kwawo, anthu akupatsirana pa tebulo. Manyazi anandigwira. Nditadzuka ndinamuuza kuti ine za nthambizi sindiziwerengera, ndimangochitira mkulu uja poti sanapite kusukulu. Mawu amenewa anatuluka mosavuta, m'Chingerezi chabwino.

Tsiku lachiwiri kunacha kowala, kopanda nkhungu. Tinawasiya adada akutsuka mapoto pa kamtsinje. Masana tinafika pa mwala waukulu. Mwamunayo anatambasula mapu, naloza nsanja ija. Anati kumwamba kukadali koyera chonchi, bwanji tiyambire kumanja, tikagone ku nsanja lero, tione dzuwa likutuluka, n'kudzabwerera kudzera ku chigwa? Akadikira tsiku lachinayi mwina kudzakhala chiperoni.

Maganizo ake anali abwino. Ku nsanja kuli kasupe, malo ogona alipo. Ndinavomera. Chimene chinatsala chinali chimodzi: kutseka njira ya ku chigwa, kapena kukhala pansi kudikira adada.

Pambali pa mwalawo pali mtengo wa msuku. Ndinatambasula dzanja. Mwamunayo anali atakweza kale kamera, akumwetulira. Dzanja langa linakhudza tsamba, kenako linatsika, n'kulowa m'thumba ngati likufuna mpango. Ndinati tiyeni. Mumtima ndinati adada aona mapazi. Ndinkadziwa kuti pamenepo ndi pa thanthwe ndi udzu wouma.

Tinafika ku nsanja dzuwa likupendeka. Tinakhoma matenti, ndinatola nkhuni, ndinakoleza moto. Ola linapita, lachiwiri linapita. Mphepo ya pamwamba paja inayamba kulowa m'mafupa. Ndinakwera masitepe a nsanja mpaka pamene matabwa anali olimba, n'kuyang'ana njira. Munalibe munthu. Ndinaitana kawiri, mawu anabwerera okha.

Chakudya chonse chinali pamutu pa adada. Ife tinali ndi mabisiketi ochepa, mtedza wodzaza dzanja ndi madzi. Poto wowiritsira madziwo tinalibe. Mkaziyo anakhala pafupi ndi moto atafunda chogonera, akunjenjemera. Mwamunayo anasiya kuseka.

"Nthambi yako ija unaika?" anandifunsa. "Sindinakuone."

"Ndinaika pambuyo pake. Munali mukupinda mapu."

"Nanga ali kuti?"

Pamenepo ndikanatha kungoti sindikudziwa. Bodza limodzi linali lokwanira. Koma anali akundiyang'ana, ndipo ndinafuna kuti ayang'ane kwina. Ndinati kumunsi kwa chigwa kuli kamudzi, ndipo anthu achikulirewa nthawi zina akamva fungo la mowa amapatuka.

Mkaziyo anati, "Koma akuoneka munthu wofatsa."

Ndinati inde, ndi wofatsa.

Adada anafika m'mawa, dzuwa litakwera ndithu. Ndinayamba kuona thumba loyera likugwedezeka pamwamba pa udzu, kenako iwo. Ankatsimphina. Anatula katundu, nakhala pa mwala, napuma kaye asanalankhule. Anati anapeza njira zonse zili zotseguka, natsika ku chigwa. Anafika pa malo athu ogona, naphika mpunga wa anthu anayi, nadikira. Anaitana mpaka mawu kusasa. Kutangocha anamanga katundu, nakweranso mtunda wonse uja, maola atatu, mpaka pa mwala. Pa njira ya kumanja anayenda akuyang'ana pansi mpaka anapeza pamene ndodo yoyendera ya mayi uja inaboola chulu.

Anamasula thumba, natulutsa poto womanga ndi nsalu. Mpunga unali momwemo, wozizira, wosakhudzidwa koma mbali imodzi.

Kenako anandiyang'ana, nafunsa motsitsa mawu, "A Fomu Folo, munatseka?"

"Ndinatseka, adada. Mwina mphepo. Kapena anyani."

"Anyani. Mbwenu."

Anadzuka kukatereka madzi a tiyi. Ali chiweramire pa moto, mwamuna uja anabwera, naima pafupi kwambiri, nawerama ngati akuona poto, nakoka mpweya ndi mphuno kawiri. Adada anatembenukira kwa ine.

"Akufuna chiyani abwanawa?"

"Akuti mwatopa chomene."

"Auzeni yewo."

Ndinamuuza kuti akuthokoza. Tinadya mpunga uja atautenthetsa. Ine ndinadya nawo. Adada atavula gambutsi, chidendene chinali chitasupuka, sokosi itamatirira. Mkaziyo ndi amene anatenga kabokosi ka mankhwala m'manja mwanga, natsuka balalo yekha.

Tsiku limenelo ndi lotsatira tinayenda monga mwa masiku onse, koma mozondoka. Chisanu, tiyi, mbatata, matuza. Ndinatseka mphambano iliyonse, mwamunayo osakwezanso kamera. Adada akafika madzulo iye ankayang'ana wotchi. Ankawerenganso mabotolo a m'thumba la chakudya, a mafuta ophikira ndi a palafini, ngati pali lina limene sanalione. Adada sanazindikire, kapena sanaonetse. Anapitiriza kundifunsa mayina a mitengo. Ndinkayankha mwachidule.

Chimene chinkandivuta chinali mwala uja. Tsiku lachisanu tinayenera kutulukira pomwepo, kuchokera ku chigwa. Chakudya chinali chitatsala pang'ono, katundu wapepuka, ndipo tsiku lotere adada ankayenda nafe limodzi. Onse anayi tikanafika pa mphambano n'kuona kuti palibe nthambi, ngakhale pambali, ngakhale m'udzu.

Titatsala pang'ono kumaliza mtunda ndinati m'mimba mwandivuta, apume kaye. Ndinalowa m'tchire, ndinazungulira, ndinathamanga kukwera. Ndinafika pa mwala ndikupuma ngati galu. Ndinathyola nthambi ya msuku uja, ndinaiponya pambali pa njira ya ku chigwa, theka m'udzu, monga mmene mphepo ikanaikankhira. Ndinabwerera momwemo, ndikumanga lamba poyera kuti aone.

Titafika pa mphambano ndinadikira kuti wina aione. Palibe anaiona. Ndinaloza ndekha.

"Si iyi, adada? Inangosuntha."

Ndinabwerezanso m'Chingerezi. Mwamunayo anagwedeza mutu, nayang'ana mkazi wake.

Adada anatula katundu. Anatola nthambiyo, naitembenuza. Anagwira pothyoka ndi chala chachikulu, nayang'ana chalacho. Chinali chonyowa. Masamba anali obiriwira, olimba, ngati akadali pa mtengo. Kenako anakweza maso ku msuku uja. Bala lake linali loyera, lowala pa dzuwa.

Zaka zonse zija ndinalemba za mitengo pa pepala. Sizinandifike m'mutu kuti nthambi ya masiku atatu imafota.

"Msuku wa kuno ngwamphamvu chomene," adada anatero. "Masiku atatu pa dzuwa, tsamba osagwa nkhope."

Ndinadikira kuti aloze mtengowo, aitane mkazi uja, amugwiritse pothyokapo. Sizikanafuna Chingerezi. Iwo anawerama, nagoneka nthambiyo bwinobwino mopingasa pa njira ya ku chigwa imene tinali titangotulukamo, naipondereza ndi kamwala.

"Tsopano yatsekedwa, abwana."

Kuyambira pamenepo sananditchenso a Fomu Folo.

Mwamunayo anandifunsa kuti mkuluyo wati chiyani. Ndinati wati waiona. Iye anamva ngati adada avomera kulakwa, ndipo ine ndinamusiya amve choncho.

Tinafika pa malo ogona alendo masana a tsiku lachisanu ndi chimodzi. Alendo atasamba, mwamunayo analowa mu ofesi ya woyang'anira, nakhalamo nthawi. Kenako tinaitanidwa tonse awiri. Adada analowa atavula chipewa. Woyang'anira anali munthu wa ku Mzuzu, wosakonda kuzungulira. Anati alendo agona ndi njala pa phiri, m'chisanu, ndipo akuti chifukwa chake ndi mowa.

"Mowa?" adada anafunsa.

"Ndi mmene ndamvera. Munapatukira ku mudzi?"

"Ku chigwa kulibe mudzi, abwana. Kuli mtsinje ndi anyani."

Woyang'anira anatembenukira kwa ine. "Iwe, njira unatseka kapena ayi?"

Adada sanandiyang'ane. Ankayang'ana m'kati mwa chipewa chawo. Ndikukumbuka kalendala ya pakhoma, ndi ntchentche imene inkagunda galasi la zenera. Ndinaganiza za tomato wa pa depoti, ndi za ana anga. Zimenezi ndikuzinena chifukwa ndinaziganizadi, osati chifukwa zikundichotsera mlandu.

"Ndinatseka," ndinatero. "Alendo aiona nthambi."

Woyang'anira anauza adada kuti akapume kaye kunyumba, adzawaitana. Tonse tinkadziwa tanthauzo la mawu amenewa. Adada anati yewo. Anapita ku khitchini, natulutsa mapoto, mbale, makapu ndi masupuni, naziyala pa tebulo kuti wophika aone kuti zonse zakwana. Anapinda nkhata yawo, nailowetsa m'thumba la jekete, nauyamba wa ku msewu.

Ndinayenda maulendo ena atatu ndi munthu watsopano. Anali wamphamvu, wa chikwama cha kumsana, wosadziwa katope. Pa mwala uja nthambi inali pomwepo, kamwala kali pamwamba. Tsopano inali itafota. Ndinailumpha katatu konse.

Tsiku lina ndili kunyumba ku Mzimba, mkazi wanga akusankha nyemba pa lichero, anati, "Mwamva? Akuti mkulu wa mpingo uja mumayenda naye anamuchotsa chifukwa cha mowa. Azakhali amva ku chigayo. Akuti Lamlungu saimanso kutsogolo."

Kuchokera m'nkhalango mpaka ku chigayo cha ku Embangweni ndi kutali. Mawu anga anali atayenda okha mtunda wonsewo.

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa kamera mpaka mu ofesi. Anamvetsera manja ali pa nyemba. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi.

"Ndiye mpunga anasenza uja munadya nawo?"

"Ndinadya."

Anapitiriza kusankha nyemba.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya woyang'anira, ndinanena. Ndinkayembekeza kuchotsedwa, ndipo mwina ndinkafuna. Iye anakalipa kwa mphindi zochepa, kenako anayang'ana kalendala. Kunali alendo ena Lachinayi, wina wolankhula Chingerezi panalibe. Anati ndisadzabwerezenso, ndipo ndipite ndikamutenge mkuluyo abwerere pa ntchito. Ndinatuluka ntchito yanga ili m'manja. Adada anachotsedwa pa mawu amodzi, ine ndinatsala nditaulula zonse.

Ndinakwera matola mpaka Edingeni, kenako wapansi, ndikufunsa njira. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema goli la ng'ombe.

"Odi."

"Odini. Abwana, mwasochera?"

Anandipatsa mpando, iwo nakhala pa chipika. Tinapatsana moni wonse, za ana, za kunyumba, za mphepo. Kenako ndinayamba. Ndinati sindinatseke njira. Ndinati nthambi ija ndinathyola tsiku lomwelo.

"Izo ndinaziona," anatero. "Nenani zimene sindinazione."

Ndinati za mowa ndinanena ndine.

Anaika kasemasema pansi. Kwa nthawi ndithu ankangosisita goli lija ndi chikhatho.

"Ndimayesa ndi mzungu anaganiza yekha," anatero. "Ndimati, sandidziwa, nkosadabwitsa." Anatembenukira kunyumba. "Amama! Tabwerani."

Akazi awo anatuluka, manja ali ndi gaga. Anagwada patali pang'ono, nandipatsa moni.

"Bwerezani apa pali amama," adada anatero. "Zomwezo. Musachepetse."

Ndinabwereza. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yonse imene ndinkalankhula. Nditamaliza anadzuka, nasasa chitenje, nabwerera m'nyumba.

Ndinafunsa ngati ndingapite ndikalankhule ndi akulu a mpingo. Adada anati akuluwo sandidziwa, ndipo pakamwa panga iwo sangapatumenso. "Koma kulemba mumatha. Lembani."

Anabweretsa kope la mdzukulu wawo, nang'amba pepala lapakati. Ndinalemba pa bondo.

"Mulembe kuti simunatseke. Za mphepo ndi anyani musalembe."

Ndinalemba kuti sindinatseke njira chifukwa ndinachita manyazi pamaso pa mlendo, kuti ndinanama kangapo, ndi kuti pa zaka zonse zimene tinayenda limodzi sindinawaonepo akulawa mowa. Ndinasaina. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga. Anapinda pepalalo kanayi, nalilowetsa m'thumba la malaya, namanga batani.

Pamenepo ndinanena uthenga wa woyang'anira: ntchito ilipo, Lachinayi kuli ulendo, abwerere.

"Wotsogola ndani?"

"Ine, adada."

Anatolanso kasemasema, nayesa kuthwa kwake ndi chala.

"Malo aja ndimawakonda," anatero. "Chigwa chija, madzi aja. Ndipo ntchito ndikuifuna, musaganize kuti ayi. Chimanga cha chaka chino sichifika Disembala." Anasema kamodzi, kachipapati kanagwa. "Koma ine ndimayenda kumbuyo, katundu ali pamutu, maso ali pansi. Sindiona anthu, ndimaona zimene dzanja la wakutsogolo landisiyira. Lanu ndaliona."

Ndinati ndidzatseka mphambano iliyonse. Ndinati akhoza kutsogola iwo, ine ndisenze thumba.

"Mungagwe nalo pa mtunda woyamba." Anatsala pang'ono kuseka, koma sanaseke. "Ayi, abwana. Kawauzeni kuti yewo chomene."

Sanabwererenso. Ndinamva pambuyo pake kuti kalata ija inawerengedwa, ndipo anayambanso kuima kutsogolo Lamlungu. Ntchito ya m'thengo sanaipezenso kwina. Ine ndinayendabe njira imeneyo zaka zina zinayi.

Tsiku lija nditatsanzika anaimirira kuti andiperekeze. Kumeneko mlendo amaperekezedwa mpaka pa msewu, ndipo msewu sunali patali. Tinayenda limodzi kudutsa nkhokwe, kudutsa munda wa fodya wosalima. Titafika pa khola la ng'ombe anaima.

"Njira ndi yomweyi," anatero. "Ilibe mphambano."

Anabwerera ku goli lawo.